Masabata asanu ndikusaka phokoso pa gitala ya kutchalitchi kwathu

Ndimaimba gitala ya lidi m'gulu la matamando pa tchalitchi chathu ku Ndirande. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikungosomeka gitala mu ampu yaing'ono ya mpingo, popanda kanthu pakati. Mu 2025 msuweni wanga wokhala ku Johannesburg anandipezera Line 6 POD HD500X kwa munthu wina amene anasiya kuimba. Kwa amene simunaionepo, ndi bokosi lachitsulo lokhala pansi, lopondedwa ndi phazi, ndipo m'kati mwake muli kakompyuta kotsanzira kaliridwe ka maampu otchuka, masipika ake, ndi ma effect monga delay, chorus ndi reverb. Mtundu umenewu unatuluka mu 2013, koma kwa ife kuno ndi chuma ndithu.

Kuti imveke bwino panatenga masabata asanu. Ndinkalemba m'kope chilichonse chomwe ndayesa ndi ndalama iliyonse yomwe yatuluka. Ndazikopera pano chifukwa m'matchalitchi ambiri muli zida ngati izi zomwe zinaponyedwa m'chipinda chosungira katundu ati zinawonongeka, chonsecho vuto lili pakhoma kapena m'kebulo.

Loweruka, 3 Meyi 2025

Katundu anafika pa Wenela cha m'ma 10 m'mawa. Msuweni analipira R4,500 kwa mwini wake, ine ndinalipira K40,000 ya basi. M'katoni munali makinawo ndi adaputala, basi. Adaputalayo inali ya mano awiri ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu a makona ngati a ku Britain, ndiye ndinagula kolumikizira ka K3,500 pobwerera.

Kunyumba ndinasomeka mahedifoni n'kumenya kodi imodzi. Ndinakhala chete kaye, kumvetsera momwe delay ikubwezera mawu uku ndi uku m'makutu. Patatha mphindi ngati 20, sikirini inathima n'kuyakanso yokha. Ndinayambiranso kuimba, inachitanso chimodzimodzi. Makinawa alibe switchi, amangoyaka ukasomeka magetsi, choncho ndinaganiza kuti kapulagi ka kumbuyo kakugwedera. Ndinakamata ndi tepi, koma sizinasinthe. Ndinagona mtima uli m'mwamba poganizira ndalama za msuweni.

Lamulungu, 4 Meyi

Ndinapita nayo kutchalitchi ngakhale inali isanakhazikike. Ndinalumikiza chonchi: gitala kulowa mu POD, XLR (kebulo ya mapini atatu ngati ya maiki) ya kumanzere kupita ku mikisa yomwe imakhala kumbuyo kwa holo, ndi jack ina kupita mu ampu yakale ija kuti ndizidzimva. Mnyamata wa pa mikisa atangokweza fader, holo yonse inadzaza ndi "mmmm" wokhuthala, pamwamba pake kukumveka kulira kwina ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Anabwera kutsogolo chothamanga.

"Achimwene, chida chanu chatsopanochi chikutisokoneza. Abusa acheukira kuno kawiri."

Tinayesa kupirira. Mawu a clean, oyera osaswedwa, anali bwinoko, koma nditaponda distortion, yomwe imaswa mawu dala, zinamveka ngati lata likung'ambika. Pa nyimbo yachitatu, sebene itafika pakolera, makina anathima. Ndinazula zonse n'kubwerera ku ampu.

Pali china chomwe ndinatsala pang'ono kusachilemba chifukwa ndinachizolowera. Nditabwerera ku ampu yokha, ndinayandikira maiki kuti ndiyankhe nawo kolasi, dzanja lili pa nsambo, ndipo mlomo utakhudza maiki ndinamva kulasa ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Ine ndi wa besi takhala tikumva zimenezi kwa chaka ndi miyezi. Tinkangoti maikiyo imaluma, n'kumaimba titatalikira.

Madzulo ndinalemba mavuto atatu: kuthima, phokoso, ndi kaliridwe koipa. Ndinatsimikiza kuti sindikhudza lachiwiri loyamba lisanathe.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndinatembenuza adaputala n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwake: 9V, 1A. Si yake. Yeniyeni ya makinawa imatchedwa DC-3G ndipo imapereka 9V DC ndi 3A. Iyi mwini wake anangotola penapake, ndipo ikatentha inkalephera kusenza katunduyo.

Ku Limbe ndinazungulira mashopu asanu. Za 12V zili mbwee chifukwa cha ma router, ma decoder ndi makamera, koma ya 9V 3A ndinaipeza pamalo amodzi okha pa K27,000. Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kukula kwa kapulagi. Ma pedal ambiri a gitala amalowa ka 2.1mm, koma POD iyi imafuna ka 2.5mm. Pamaso timafanana, choncho ndinanyamula adaputala yakale ija kuti ndiyerekeze. Wachiwiri ndi polarity. Zida zambiri za gitala, kuphatikizapo iyi, zimafuna negative pakati, pomwe maadaputala ambiri a pamsika ali ndi positive pakati.

Wogulitsa anati, "Bwana, nayini ndi nayini, tengani basi." Ndinagula multimeter, kachida koyezera magetsi, ya K22,000 pomwepo n'kuyeza ali kuona. Waya wofiira ndinalowetsa m'kati mwa kapulagi, wakuda ndinakhudzitsa kunja. Inalemba 9.2 popanda kachizindikiro ka minus, kusonyeza kuti pakati ndi positive. Ndikanasomeka choncho, mwina nkhaniyi ikanathera pomwepa.

Kunyumba ndinadula chingwe chake pakati, ndinasinthanitsa mawaya awiriwo, ndinawotcherera, ndi kukulunga aliyense payekha ndi tepi ndisanakulunge onse pamodzi. Nditayezanso inalemba -9.2. Ndinaisiya ikuyaka maola atatu ndikuimba mwa apo ndi apo, ndipo sinathime ngakhale kamodzi.

Kwa amene mukusaka adaputala: ma ampere ochuluka saopsa, chida chimangokoka omwe chikufuna. Chopsereza ndi ma volt ochuluka kapena polarity yolakwika. Musabwerekenso adaputala kwa mnzanu pongoona kuti dzina la kampani ndi limodzi. POD XT Live, yomwe ena ali nayo kuno, imadya 9V AC, osati DC.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinapempha makiyi a tchalitchi, tinakumana atatu: ine, wa pa mikisa, ndi wa besi. Tinagwirizana kuzula chilichonse n'kumabwezera chimodzichimodzi, tikumvetsera pomwe phokoso liyambire.

POD yokha ku mikisa, gitala yosasomeka: zii. Gitala itasomekedwa, volume yake ili pa ziro: zii. Volume itakwezedwa, njuchi zija zinayamba, koma chapansipansi. Zimenezo ndinazilemba padera kuti ndi za gitala. Kenaka ndinasomeka kebulo yopita ku ampu, ndipo "mmmm" uja anabwera nthawi yomweyo.

Wa besi ndi amene anatithandiza kutsimikiza kuti ndi la magetsi. Anagwira nsambo yaikulu pa feleti yachitatu, pa G, ndipo mawu ake anangotsala pang'ono kugonana ndi phokosolo. Magetsi athu ndi a 230V ndipo amayenda pa 50Hz, pomwe G wa pansi pa besi ali pa 49Hz. Ukamva phokoso lokhala pafupi ndi G ameneyu, usavutike kusaka m'ma preset (makaliridwe osungidwa m'makinawa), lachokera kukhoma.

Pamwamba pa POD pali timaswitchi titatu, ndipo kamodzi kalembedwa XLR Ground/Lift. Ndinakakankhira pa Lift. Phokoso la m'masipika linachepa kwambiri, tonse tinasangalala. Koma nditayandikira maiki ndi gitala m'manja, kuluma kuja kunabwerera, pomwe kaswitchi kali pa Ground kunalibe. Apa ndiye ndinaima. Ndinaika multimeter pa AC, waya wina pa nsambo, wina pa chitsulo cha kumutu kwa maiki. Inalemba ma volt opitirira 100.

Tinatsatira chingwe cha ampu mpaka pa extension yomwe imadyetsa ife a kutsogolo. Ndinamasula pulagi yake. M'kati munali mawaya awiri okha, wa bulawuni ndi wa buluu. Dzino lalitali la earth, waya wachitetezo wothawitsira pansi magetsi osochera, linali lopanda kanthu, kasikuluwu kake kali gwa, kosakhudzidwapo chiyikireni. Wina anapanga extension ya mamita 15 ndi chingwe cha mawaya awiri.

Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga. Ampu yanga ndi ya besi zinalibe earth. Timagetsi tomwe timadontha m'kati mwa ampu tinkasowa njira, tinkakhala pa chitsulo chake ndi pa nsambo zathu, ndipo tikakhudza maiki, yomwe ili ndi earth kudzera ku mikisa, njirayo inkakhala milomo yathu. Nditabweretsa POD, timagetsito tinapeza njira ina kudzera mu XLR, ndipo pomwe tinkadutsa m'kebulo ya mawu ndi pomwe tinkamva phokoso. POD sinabweretse vuto, inangoliulula.

Abale, izi si zoseweretsa. Mu 1972 ku Swansea, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Leslie Harvey, anafera pa siteji atagwira maiki yopanda earth. Tsiku lomwe waya wamoto akanamasuka m'kati mwa ampu yathu n'kukhudza chitsulo, fuse sikanapsa, ndipo magetsi onse akanadikira pa nsambo. Ndikudziwanso kuti ena mumathyola dala dzino la earth kapena kumasula waya wake kuti phokoso lithe. Chonde siyani. Kaswitchi ka Lift kamangodula pini 1 ya XLR, pa kebulo ya mawu. Sikakhudza earth ya magetsi, ndipo zinthu ziwirizi zisamasokonezedwe.

Tinaimbira mkulu wina wa mpingo amene anagwira ntchito ya zamagetsi mpaka kupuma. Anafika madzulo ndi kachikwama kake ka zida. Ataona pulagiyo anapukusa mutu.

"Ana anga, ndi Mulungu yekha wakhala akukusungani."

"Bambo, ndiye masoketi a kukhomawa ali bwino?"

Anawayeza onse, anapeza kuti earth ya nyumbayo ilibe vuto. Msungichuma anatulutsa ndalama tsiku lomwelo: chingwe cha mawaya atatu mamita 15 pa K2,800 mita imodzi, pulagi K3,500, ndi soketi ya mabowo anayi K14,000. Zonse K59,500. Bambowo anamanga okha, wa bulawuni ku fuse, wa buluu kumanzere, wa girini ndi chikasu ku dzino lalitali. Titayezanso pakati pa nsambo ndi maiki, multimeter sinafike ngakhale volt imodzi.

Kaphokoso kena kanatsalabe kaswitchi kakakhala pa Ground. Aka tsopano ndi kamene amati ground loop: ampu ikudya pa soketi ya kutsogolo, mikisa pa ya kumbuyo, earth ziwirizo zikukumana kudzera m'kebulo ya mawu. Ndinakankhira pa Lift, kanatheratu, ndipo maiki sinalumenso.

Lachitatu, 14 Meyi

Tchuthi cha Kamuzu Day ndinachithera pa makebulo. Ndinatenga thumba lonse la kutchalitchi n'kukhuthula pa mphasa. Kebulo iliyonse ndinaiyeza ndi kabelu ka multimeter, kamene kamalira magetsi akamadutsa, nsonga ndi nsonga, thupi ndi thupi, kenaka nsonga ndi thupi kuti ndione ngati zikukhudzana. Ndinkaipindapinda pafupi ndi jack kabelu kakulira. Ziwiri zinkadukiza.

Yomwe ndakhala ndikuidalira kwambiri, yokhuthala yooneka yolimba, nditamasula jack ndinapeza kuti ndi ya sipika. Muli mawaya awiri onenepa ogona limodzi, opanda ukonde wozungulira. Ya gitala imakhala ndi waya mmodzi pakati, atakutidwa ndi ukonde wa timawaya tomwe timatchinga phokoso. Kunja zimafanana, jack ndi imodzimodzi, ndipo mawu amadutsa ndithu, n'chifukwa chake palibe anazindikira. Ndinaimata tepi yofiira mbali zonse kuti isasokonekerenso.

Ina yabwino inali ya mamita 10. Ndinaiyerekeza ndi yaifupi, ndipo pa yaitaliyo kuwala kwa nsambo zing'onozing'ono kunkachepa. Kwa ife oimba sebene, kuwala kumeneko ndiye ndiwo. Choncho ndinagula kebulo ya gitala mamita 6 pa K4,000 mita imodzi, ma jack anayi pa K3,000 iliyonse, ndi solder wa K5,000, kuti ndipange ziwiri za mamita atatu.

Yoyamba inatuluka yotsamwa, mawu ochepa ngati gitala yafunditsidwa bulangeti, chonsecho kabelu kankati zonse zili bwino. Nditaimasula ndinaona chomwe ndinalakwitsa. Pansi pa ukonde pali kachikopa kakuda kopyapyala kokuta pulasitiki yoyera ya waya wapakati. Kachikopako kamadutsa magetsi pang'ono, ndipo ine ndinakasiya kakufika mpaka pomwe ndawotcherera. Ndinakasenda ndi chikhadabo kubwerera m'mbuyo pang'ono, ndinawotchereranso, mawu anatseguka.

Chomaliza chinali cha XLR. Ndinayesa kutumiza mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja, mu kamikisa ka mnzanga woyandikana naye nyumba. Iliyonse payokha inkamveka bwino, koma zikakwezedwa pamodzi gitala inkaonda n'kutsala pang'ono kusowa. Pa XLR, pini 1 ndi ground, 2 ndi hot, 3 ndi cold. Kebulo imodzi inali ndi 2 ndi 3 zopingasa mbali imodzi, ndiye mawu a mbali ziwirizo ankadyana. Kukonza kwake sikunathe mphindi zisanu.

Loweruka, 17 Meyi

Tsopano kaliridwe. Poyamba ndinafuna kufufuta zomwe mwini wake wakale anasintha m'ma setting aakulu. Ukagwira batani la muvi wa kumanzere posomeka magetsi, amabwerera momwe anachokera ku fakitale. Nditatero, pedal ya volume inasokonekera, yosafika kumapeto. Imafunika kuiphunzitsanso: ugwire muvi wa kumanja posomeka magetsi, usankhe Pedal Cal, uisonyeze pomwe pali chidendene ndi pomwe pali zala, mpaka manambala aziyenda kuyambira 0 kufika 255. Mukafuna kuchita reset, dziwiranitu zimenezi, musachite Lamulungu m'mawa.

Lata long'ambika lija linachokera ku Output Mode. Tsiku loyamba lija inali pa Combo Front, yomwe ndi ya munthu amene akusomeka kutsogolo kwa ampu ya gitala. Sipika ya ampu ya gitala mwachibadwa imameza mawu okwera kwambiri, ndipo n'chifukwa chake distortion imakoma. Masipika a PA, aakulu a m'holo aja, ali ndi ma tweeter, timasipika ta mawu okwera, omwe amatulutsa chilichonse osabisa. Ukapita ku mikisa uyenera kusankha Studio/Direct kuti POD itsanzire yokha sipika ya gitala ndi maiki yoikidwa patsogolo pake. Nditasintha, wa pa mikisa anakweza dzanja ali kumbuyoko.

Koma izi zinabala vuto lina. Output Mode ndi imodzi ya mabowo onse, ndiye ampu yanga inayamba kulandira mawu odutsa kale mu sipika yotsanzira, n'kuwadutsitsanso mu sipika yake. Inkamveka ngati ili m'katoni. Ndinalimbana nayo ola lathunthu, kenaka ndinavomera kuisiya. Ndinapempha monitor ya pansi imodzi, ampu tinaibweza m'chipinda. Zinandiwawa pang'ono chifukwa ndinazolowera kumva mphepo yake kumsana, koma pa siteji panayera, ndipo oimba anati tsopano akumvana.

Tina ting'onoting'ono tomwe tinasintha zambiri. Input 2 inali pa Same, ndipo pa ma preset anga zimenezi zinkalowetsa gitala mwamphamvu kwambiri, clean n'kumasweka ndikamenya molimba. Ndinaiika pa Variax, bowo lomwe sindisomekamo kanthu, ndipo clean inapeza mpata wopumira. Ma XLR a makinawa saphatikiza okha mbali ziwiri ukasomeka imodzi, choncho delay yodumpha uku ndi uku inkamveka theka. PA yathu ndi ya mono, ndiye mu mixer ya m'kati mwa preset ndinaika mbali zonse pakati, n'kusankha delay wamba. Pa Global EQ ndinadula za pansi pa 100Hz kuti ndisalimbane ndi besi, ndi za pamwamba kuyambira cha m'ma 6kHz.

Chomwe chinadya nthawi ndi kufananitsa mphamvu ya ma preset. Ndinasankha anayi okha: clean ya nyimbo zopembedza, clean yowala ya sebene, crunch, ndi lidi. Master ndinaisiya malo amodzi n'kuikapo kadontho ka penti. Aliyense ndinamukweza kapena kumutsitsa ndi Channel Volume, wa pa mikisa akundiwerengera magetsi a pa channel. Izi muzichitira m'holo momwemo ndi pa mphamvu ya Lamulungu. Zomwe ndinakonza kunyumba pa mahedifoni usiku zinali zolasa m'makutu zitakwezedwa.

Loweruka, 24 Meyi

Zinatsala njuchi za m'gitala. Yanga ndi yotsanzira Stratocaster, ya ma pickup (timaginito totola mawu a nsambo) atatu a single coil, ndipo mtundu umenewu umatola phokoso la mumpweya. Ndikatembenuka nayo, phokoso linkakwera ndi kutsika. Pa malo achiwiri ndi achinayi a switchi linkachepa, chifukwa pamenepo ma pickup awiri amathandizana kulizimitsa. Ndinayenda nayo pa siteji ngati wosaka netiweki, ndipo linkakula ndikayandikira magetsi a LED okongoletsa kuguwa. Tchaja ya foni ya wa ng'oma, yomwe ankaisomeka pa extension yathu, inkawonjezeranso kulira kwina kosongoka. Imeneyo tinangoisamutsa.

Ndinayeza kuchokera pa nsambo kufika pa thupi la jack, kabelu kanalira, kusonyeza kuti waya wa ku bridge ali bwino. Nditatsegula pickguard, chivundikiro cha pulasitiki cha pamwamba pa gitala, ndinapeza thabwa lokhalokha, lopanda chotchinga chilichonse. Tepi ya kopa sindinaipeze m'tauni, choncho ndinagula foil ya kukhitchini ya K6,500 ndi guluu wa K4,000. Ndinamata m'maenje monse ndi kuseri kwa pickguard, zidutswa zikusanjikizana, m'mphepete ndikusiya kamlomo kotulukira pamwamba kuti zikhudzane ndikatseka. Solder sagwira pa aluminiyamu, ndiye ndinapanikiza kawaya ndi kasikuluwu kakang'ono pa foil, mbali inayo n'kuwotcherera kumsana kwa volume.

Nditatseka n'kusomeka, gitala inali chete, osatulutsa ngakhale mawu. Ndinamasulanso masikuluwu onse. Timiyendo ta switchi tinkakhudza foil ya pansi, mawu onse n'kumathawira ku ground. Ndinamata tepi pansi pa switchi ndi m'bowo la jack. Kachiwiri inalira, ndipo njuchi zinachepa moti ndikachotsa manja pa nsambo sizinkabukanso ngati kale. Kung'ung'udza pang'ono kwa single coil kunatsala, foil sachotsa kumeneko.

Apa m'pamene ndinayatsa noise gate. Ndinaikana dala masabata onsewa chifukwa imangobisa phokoso ukasiya kuimba, ndipo ikanandibisira extension ija. Ndinaiika koyambirira kwa preset ya crunch ndi ya lidi, n'kukweza threshold pang'onopang'ono mpaka phokoso litangosiya. Ndikapitirira apo, mchira wa noti unkaduka. Pa ma clean sindinaikepo.

Lamulungu, 1 Juni

Magetsi anathima pakati pa mapemphero, anyamata anadzutsa jenereta. POD inayaka bwinobwino, ngakhale kung'ung'udza kotsala kuja kunkakwera ndi kutsika potsatira kupuma kwa injini. Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi pobwerera ku magetsi a kukhoma. Anasintha ma amplifier a PA ali oyaka, POD inathima n'kuyakanso, masipika anachita "phu!" mpaka ana a kutsogolo anadzidzimuka.

Tinagwirizana dongosolo n'kulimata pambali pa mikisa: poyatsa, zida za pa siteji ziyambe, kenaka mikisa, ma amplifier pomaliza. Pothimitsa, ma amplifier ayambe. Posintha magetsi, master ya mikisa itsike kaye. Lolemba ndinagula TV guard ya K32,000, yomwe imadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira ndipo imadikira kaye isanawabwezere. Popeza makinawa alibe switchi, ndimazulanso pulagi yake tikangomaliza.

Tsiku lomwelo batani la preset yachiwiri linkafuna kuponda kawiri. Ndinatsegula chivundikiro cha pansi, ndinapeza fumbi la zaka zambiri, ndinalipukuta ndi kaburashi ka penti. Pansi pa batani lililonse lachitsulo pali kaswitchi kakang'ono pa bolodi. Ndinakapopera contact cleaner ya K18,000 n'kukadina kambirimbiri, kenaka ndinadikira kuti kaume ndisanasomeke. Musathiremo mafuta omasulira mabawuti, amasiya chinyezi chomwe chimaitana fumbi lina.

Lamulungu, 8 Juni

Mapemphero awiri, wa 6 koloko ndi wa 9, osathima, osang'ung'udza m'masipika. Pa nyimbo yachete ya chopereka ndinasiya kodi imodzi ikulira ndi reverb mpaka inazilala yokha, ndipo kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Wa besi anaimba mlomo uli pa maiki.

Kupatula makinawo ndi basi, m'thumba mwanga mwatuluka K154,000, mpingo K59,500. Magetsi a LED a kuguwa akayaka onse, preset ya lidi imatolabe kaphokoso ndikaima kumanja kwa siteji, ndiye ndasamukira kumanzere, pafupi ndi wa kiyibodi. Bambo a zamagetsi aja ati Loweruka likubwerali abwera kudzatsegula ma extension ena atatu omwe amagwira ntchito ku Sande sukulu ndi pa misonkhano ya panja.